Nsonga ya Chitenje cha Shamsa

Komatu sanakoke mwamphamvu, anangogwira nsonga ya chitenje cha mwana wake monga mayi aliyense angachitire — kapena anakoka ndithu? Chibwerere kumsonkhano wa amayi a m'mudzi ku Malengachanzi, Mwanahalima anali pakhonde, lichero la mpunga pamiyendo, nkhuku zikudzitolera, iye osaziona n'komwe.

Zaka makumi awiri ndi zinayi wakhala akumuyankhira Shamsa. Mwanayo anachedwa kuyankhula, ndipo mpaka lero mawu amamubwerera limodzilimodzi, anthu n'kuyamba kutsinana, ndiye munthu akati, "Wadzuka bwanji, Shamsa?" mayi anali atalumphira kale, "Wadzuka bwino," kuti asamuseke. Chinali chikondi chimenecho, Mulungu ndi mboni. Ndipo anali okoma masiku aja, awiriwiri kudambo mame asanaume, matope ozizira akulowa pakati pa zala, Shamsa akuwokera mbande za mpunga wa faya mzere wowongoka kuposa wa mayi ake, akung'ung'udza kanyimbo kake kopanda mawu, popanda wowaona — inde, popanda wowaona, nanga nthawi imeneyo ankaisankha ndani? Malemu Amiri, bambo ake a mwanayo, ankati, "Mwana sabisa, amake Shamsa," iye n'kukwiya tsiku lonse.

Lero mayi Nester, otsogolera gulu lothandizana kuwokera mpunga, anafunsa amene akufuna kulowa chaka chino. Masiku ano a matipate aliyense akuti pakamwa ndi pake, koma Mwanahalima ankayesa kuti zimenezo ndi za abambo a pawailesi, mpaka Shamsa anaimirira, dzanja la mayi n'kupita lokha kuchitenje.

"Ine... ndimatha. Ndibwere mawa."

Wina anaseka kumbuyo. Mayi Nester sanaseke, anangotembenuka. "Nanga amake mukuti bwanji?"

"Tikaganiza kaye kunyumba."

Tikaganiza! Ngati kuti mwanayo anali asanaganize. Manyazi anamugwira, komanso mantha: akakamuseka kudamboko iye kulibe, akamutchinjiriza ndani? Ndipo pansi pa manthawo panali ena, oipa, amene sakanawauza munthu — kuti mwina sakamuseka, kuti kanyimbo kaja akakaimbira ena, iye n'kutsala yekha m'matope.

Dzuwa litapendeka, mayi Nester anatulukira panjira kudzamva yankho. Shamsa anali atachapa kale chitenje chake chakumunda, chili pachingwe, madzi akudontha.

"Shamsa, mawa tikudikire?"

Yankho linafika palilime la Mwanahalima msanga monga mwa masiku onse. Analuma mlomo. Milomo ya Shamsa inayamba kugwedera, kufunafuna liwu loyamba, chete uja amene mayi sanamulolepo kutalika chonchi akunka natalika, ndipo apo m'pamene anaona kuti mwanayo sakuyang'ana mayi Nester, akuyang'ana pakamwa pa mayi ake.