Nkhafi ya Alamu Anga

Amuna anga, a Twaibu, anayamba kusokonezeka pang'onopang'ono. Poyamba ankangoiwala pomwe ayanika usipa. Kenako kuodzera dzuwa lili pamutu, kukoka mwendo wamanzere. Tsiku lina pamsika wa ku Senga Bay anauza ayufi oyendera makadi kuti khadi lachipani anakulungira nsomba. Anawawomba makofi, ati aledzera. Munthu wosaphonya swala kumzikiti ngati ameneyu, aledzere?

Apongozi anga anati ndi majini. Ine ndinaumirira zakuchipatala, mpaka tinapita. Anatiperekeza apongoziwo ndi a Binali, akulu awo a amuna anga.

Adokotala anayeza magazi, malungo osapezeka, shuga ali bwinobwino. Anawapinda khosi, linali lofewa. Anawafunsa kuti lero n'lachingati, iwo anangoseka.

"Amamwa mowa?"

"Astaghafiru!" anatero apongozi.

Kenako anawaunika m'maso ndi tochi, nabwerezanso diso lamanja.

"Mwanadiso uyu wakula kuposa mnzake. Bambowa sanagundepo mutu posachedwapa? Ngakhale mwezi watha?"

"Ayi, ngakhale pang'ono," anayankha apongozi msangamsanga. A Binali anaweramira pansi.

Tonse tinalipo kudooko tsiku lomwe a Binali anamenya amuna anga ndi nkhafi polimbirana ukonde wa chilimira. Bala linapola, ndipo apongozi anatilumbiritsa kuti nkhaniyo ithere pakhomo, apolisi asaimve. Ndiye kuti mwana wawo wina afe kuti wina asagone m'chitolokosi?

"Anamenyedwa ndi nkhafi," ndinatero. "Apa, pamwamba pa khutu lamanja."

"Iwe Enifa!" Apongozi ananditsina pantchafu. "Sukulu yakoyo ndi imene ikukupusitsa. Wakufunsa ndani?"

"Amayi, afunsa tonse. Inu mwanama."

Adokotala sanafunse n'komwe amene anamenya. Anati magazi akhoza kukhala akudontha m'kati mwa chigaza n'kumapanikiza ubongo, ndipo tikazengereza bambowa sadzukanso. Anatuma namwino kukaitana dalaivala wa ambulansi yopita ku Lilongwe.

Panja apongozi anaima kutsogolo kwanga.

"Zikakafika kupolisi, pakhomo panga usadzapondeponso."

"Pakhomo panu khalani napo, amayi. Ine ndikufuna bambo a Saida."

Ndinamangitsa mwana wanga Saida kumsana n'kukwera. A Binali anathandiza kukweza machira, koma malo okhala sindinawasendezere.