Nkhope M'bango Kuseri kwa Ng'ona

Ng'ona imene inapha mkulu wa mpingo Kenan ku Mwenilondo inawomberedwa anthu akadali pamaliro. Mlenje wa boma atangoikokera pamchenga, anatuma uthenga ku Boma kuti Manase Mwangonde abwere ndi kamera yake.

Manase anali wojambula zithunzi, ndipo kanyumba kake kanali kuseri kwa msika wa Karonga. Masiku ambiri ankajambula maukwati ndi ana obatizidwa, koma mtima wake unali pa zolengedwa za Mulungu: nkhwazi, mvuu, asodzi akukoka khoka. Tsiku limenelo anagwada pamchenga, maso ake onse ali pa mano a chilombocho. Anthu anaunjikana kumbuyo kwa mlenje, aliyense kufuna kuti nkhope yake ilowe. Manase sanaziyang'ane nkhopezo. Atatsuka chithunzicho anachikhoma pa bolodi la pakhomo, monga ankachitira nthawi zonse, kuti odutsa azidziona n'kuitanitsa zawo.

Chinakhala pamenepo mpaka tsiku la msika, pamene Hilda, mpongozi wa malemu Kenan, analowa ndi dengu pamutu. Sanapereke moni. Anayankhula motsitsa, m'Chinkhonde.

"Bambo Manase, chotsani chithunzi chija. Mwatipha."

"Ndakuphani bwanji, mayi?"

"Yang'anani pamwamba pa phewa la mlenje. M'bangomo."

Manase anachizula pa bolodi nachiyandikiza kumaso. Pakona, pakati pa bango, panali kankhope kakang'ono ngati nyemba. Anali Ambokile, mwamuna wa Hilda, mwana wa malemuyo. Ambokile anali mphunzitsi, ndipo anathawira ku Tanzania zaka zapitazo anthu a Chipani atamutchula pamodzi ndi zigawenga. Anali atabwera mobisa pabwato kudzalira bambo ake. Ankagona m'nthochi kuseri kwa nyumba. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unatseka pakamwa.

"Ndinamuuza kuti asatuluke," anatero Hilda. "Akuti ndikaone chimene chadya bambo anga. Ndiye wachiona, ndipo inu mwamupachika pamsika. Chithunzichi achiona ndani?"

"Ambiri. Koma n'kakang'ono aka, mayi. Ngakhale ine mwini sindinakaone."

Mawuwo asanathe kutuluka, anakumbukira Stanford.

Stanford Chimombo anali kalaliki wa boma wochokera ku Dedza. Ankaimba besi m'kwaya, ataima pafupi ndi Manase, woimba tenala, Lamulungu lililonse. Anali munthu woseka, wopatsa moni aliyense, ndipo n'chifukwa chake anthu ankamuopa. Kalaliki wanji wodziwa mayina a ana a asodzi? Mlendo wanji wofuna kuphunzira Chinkhonde? Ena ankanong'ona kuti makutu ake ali ndi eni ake ku Zomba. Palibe amene anali ndi umboni. Dzulo lake Stanford anaima nthawi yaitali pa bolodi lija, manja kumbuyo, kenako anaitanitsa chithunzi chomwecho, koma chachikulu.

"Chikakula, nkhope nayo ikula," anatero Manase.

"Mukaneni."

"Ndikakana afunsa chifukwa. Ndiyankha kuti chiyani?"

Hilda anasenza dengu lake. "Inu ndinu a kutchalitchi. Funsani Mulungu wanu." Pakhomo anatembenuka. "Mwamuna wanga akufuna akhale mpaka tsiku lometa. Akuti sanaike bambo ake m'manda, asalepherenso kumeta."

Manase analowa m'chipinda cha mdima natseka. Anapemphera ataimirira, chifukwa munalibe malo ogwada. Bodza ankadana nalo kuyambira ubwana. Koma anakumbukira mkazi uja wa ku Yeriko amene anabisa alendo pa tsindwi, ndi azamba a ku Ejipito amene anasiya ana aamuna akhale ndi moyo. Anaika filimu m'makina okulitsira, nayatsa babu la batire. Kuwala kutagwera papepala, anaphimba ng'ona ndi anthu ndi dzanja lake, nasiya kona ija yokha imwe kuwala kufikira itakhuta. M'beseni la mankhwala ng'ona inatuluka bwinobwino, mlenje ndi mfuti yake, ana oseka. Pakona panangoti bii, ngati mthunzi wa bango.

Stanford anabwera masana, thukuta lili kamukamu.

"A tenala! Muli moyo? Lamulungu lija munakwera nyimbo ngati mukuthawa galu."

"Ndinkathawa besi yanu, achimwene. Imagwetsa fumbi kudenga."

Anaseka onse awiri, koma Manase anamva kuti kuseka kwake kwauma. Anapereka chithunzicho. Stanford anapita nacho pakhomo pamene panali kuwala. Anachiyang'ana monga anayang'anira chija cha pa bolodi, osafulumira.

"Chakongola. Mano awa, Ambuye atichitire chifundo." Chala chake chinayenda pang'onopang'ono mpaka pakona. "Koma apa kwada. Pa chaching'ono chija sikunade chonchi."

"Ndi mmene chatulukira."

"Chatuluka chokha?"

Manase anayamba kusanja mabotolo patebulo. Panja mayi wina ankaitanira malonda a usipa.

"Chaching'ono chija chili kuti? Pa bolodi palibe."

"Ndachichotsa. Dzuwa limawononga."

"Inde, dzuwa la kuno ndi loopsa." Stanford anaika chithunzicho patebulo. "Bambo Mwangonde, sindinakuuzeni zonse. Chithunzichi si changa. Akuluakulu ku ofesi akufuna chipite ku Blantyre, chikatuluke m'nyuzipepala, anthu aone kuti boma likuteteza asodzi. Ndipo kumeneko safuna pepala. Akufuna filimu yeniyeniyo. Andituma kuti ndibwere nayo lero."

Manase anaganiza zonena kuti yatayika, kapena kuti yagwera m'madzi. Koma filimuyo inali pomwepo, yopachikidwa pa chingwe kumbuyo kwake, ndipo maso a Stanford anali kale pa iyo. Anaitsitsa naipereka.

Stanford anaikweza kuloza kumwamba, natsinzina diso limodzi. Pafilimu zoyera zimaoneka zakuda, zakuda zoyera, koma munthu ndi munthu ndithu. Anayang'ana kwa nthawi.

"Malemu Kenan anali ndi ana angati?"

"Mulungu anawapatsa angapo."

"Angapo," anabwereza Stanford. Anatola sizasi imene inali patebulo. "Ku Blantyre akufuna ng'ona. Bango ali nalo lawo." Anadula kachidutswa m'mphepete mwa filimuyo, mbali ya bango ija, kuchokera pamwamba mpaka pansi, mowongoka ngati telala. Chotsalacho anachikulunga m'pepala, nanyamulanso chithunzi chachikulu chija. "Tionana ku kwaya. Mudye kaye musanabwere, mawu akhazikike."

Atapita, Manase anakhala pampando, nathokoza Mulungu mokweza. Kenako anafuna kachidutswa kaja kuti akatenthe.

Patebulo panalibe. Anasuntha mabotolo, anakutumula nsalu, anasesa pansi n'kupeta zinyalalazo ndi zala. Anayang'ana ngakhale m'nsapato zake. Kachidutswako kunalibe. Pamenepo anaona chimene chachitika mwa mtundu wina: filimu yonse ikanadutsa m'manja ambiri, koma tsopano nkhope ya Ambokile inali payokha, yosavuta kuika m'thumba la malaya, yosavuta kuiika patebulo la munthu mmodzi woyenera. Kodi uja amene anapereka Ambuye sanadye nawo m'mbale imodzi?

Anatseka kanyumbako dzuwa likadali pamutu, napalasa njinga kupita ku Mwenilondo. Anapeza Hilda akupeta mpunga.

"Awoloke lero. Asadikire kumeta."

"Mwaona chiyani?"

"Sindikudziwa chimene ndaona, mayi. N'chifukwa chake ndikuti awoloke."

Ambokile anawoloka. Tsiku lometa abale onse anameta, iye palibe, ndipo mayi ake analira kuposa tsiku loika maliro. Anthu anatchera khutu kudikira galimoto ya apolisi. Sinabwere.

Lamulungu, Manase anaima pamalo pake m'kwaya, Stanford pambali pake. Besi ija inkamveka m'nthiti mwake, yofunda, yosagwedezeka, ikuimba za Mbusa amene sataya nkhosa. Manase anaimba mawu onse, koma sanamve ngakhale amodzi.

Potuluka, anthu akugwirana chanza pabwalo, Stanford anamugwira dzanja nalisunga pang'ono. M'chikhatho cha Manase munatsala kanthu kopyapyala, kouma.

"Kanamatirira kumkono wa malaya anga. Thukuta la kuno," anatero Stanford. "Muzisamala zinyalala zanu, a tenala." Ndipo anapita kukapatsa moni abusa.

Manase anafumbata dzanja mpaka kunyumba. Mwina zinali zoona. Mwina kachidutswako kanagona m'malaya masiku onsewo, ndipo iye anachotsa mwana pamaliro a bambo ake popanda chifukwa. Mwina kanali katayenda kale kumene kanayenera kuyenda, kenako n'kubwezedwa chifukwa mbalame inali itauluka. Anakaponya pa makala a mbaula. Kanapindika, kananunkha, n'kutha.

Asanadye, anapempherera Ambokile kutsidya, ndi Hilda, ndi mayi a Ambokile okalamba aja. Atafika pa dzina la Stanford anaima, osadziwa kuti apemphe chikhululukiro cha ndani. Anangolitchula dzinalo, nalisiya m'manja mwa Iye amene amaona ndi mumdima momwe.