Diso la Tochi

"Yatsa," anatero a Zubairu, akuponya tochi pamphasa pomwe Fauziya ankasankha mpunga wa sadaka ya mawa. "Yatsa uone chomwe chapha bambo ako."

Fauziya anaitola. Inali ya pulasitiki wosuluka, yomanga ndi mphira pakati. Anadina n'kuiphimba ndi dzanja, ndipo pachikhatho pake panagwa kakuwala kodwala ngati ka chiphaniphani.

Bambo ake, a Abdulaziz, anagundidwa ndi njinga yamoto m'mamawa akupita kukaswali ku mzikiti wa pa Ntaja. Wanjingayo anati anaona kakuwala n'kuyesa kuti munthuyo akadali kutali. Anawaika tsiku lomwelo. A Zubairu, mng'ono wa malemuyo, anali atangofika kuchokera ku Joni, n'kupeza dothi la pamanda litayamba kale kuuma.

"Alamu!" anakuwa, atayang'ana chinsalu cha pakhomo. Kuseri kwake kunali a Zaina, mayi ake a Fauziya, omwe anali pa eda, nthawi yomwe mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba. "Ndikudziwa mukumva. Chaka chatha ndinatumizira achimwene tochi yachitsulo, yotchaja, yowala mpaka kutsidya kwa dambo. Ili kuti?"

"Ilipo, alamu."

"Kuti?"

Chinsalu sichinagwedezeke.

"Mwapatsa alongo anu! Ndiwo ukamwini umenewu. Munthu akulimireni, akumangireni ya malata, kenako mumulande ngakhale kuwala koyendera. Mawa, pamaso pa ashehe ndi abale onse, ndidzanena yemwe anatumiza mbale wanga mumdima."

Amayi awiri omwe ankatsuka mbale kuseri anasiya kuyankhula. Fauziya anadziwa kuti mawu otere akangotuluka pa sadaka, mayi ake adzakalamba nawo. Pachitsime, pamsika, adzakhala uja anapha mwamuna.

"Nawenso," a Zubairu anamulozera chala, "uli pa Liwonde pomwepa, osagulako babu? Babu!"

"Ilibe babu, ababa aang'ono." Mawu anamutuluka akuthwa kuposa momwe anafunira. "Mukuyesa zija za kale, zopotokola n'kuika ina? Ndinaitenga ndekha kwa okonza mafoni. Anati ichi ndi diso, analiwotcherera pakachitsulo. Silithima kamodzi ngati babu. Limatha zaka, koma likufooka pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira. Za mtengo wotsika zimatentha, ndiye zimafooka msanga. Kusintha n'kotheka ukapeza diso lofanana ndi wodziwa kuwotcherera, koma iyi anaimata, kutsegula n'kuswa. Anati titaye."

"Ndiye osataya bwanji?"

"Ndinawauza! Ankangosintha mabatire. Ankati tochi ili bwinobwino, ofooka ndi maso awo."

"Iwe ndi amako, mulomo umodzi."

Fauziya anakankha lichero, mpunga n'kutayikira pamphasa. Analowa m'nyumba. A Zaina anakhala pansi atatsamira khoma, akupukusa mikanda ya tasibihi m'zala.

"Amayi, tochi ili kuti?" ananong'ona, mano atalumana. "Ngati munapatsa atsibweni, nenani, ndikaitenge."

"Nawenso ukuganiza choncho?"

"Ndiganize chiyani mukakhala chete?"

"Bambo ako anandiletsa kunena."

"Bambo anapita! Anasankha okha kuyenda ndi chinthu chakufa pamsewu wa njinga, atisiya tikutukwanidwa pakhomo pathu pomwe. Dzina likudetsedwali ndi lanu."

"Mawu a munthu sakwiriridwa naye, Fauziya."

Apo m'pomwe Fauziya anazindikira kuti wakwiyira onse: woponya tochi panja, wokhala chete m'nyumba, ndiponso wogona kumanda. Anatuluka maso ali psuu.

A Zubairu anali akukuwabe, akutchula malata, njinga ndi mbuzi zomwe adzatenge. Phokosolo linadzutsa abiti Sidik, mayi wa a Zubairu ndi malemuyo, omwe chibwerere kuchokera kumudzi kwawo kudzalira maliro ankangogona m'kanyumba ka pambali. Anatuluka akupapasa khoma.

"Mawu amenewo ndi a Zubairu?"

"Ndine, amayi." Anatsitsa mawu, nagwada.

Gogoyo anawagwira kumaso, m'makutu, m'ndevu. "Wanenepa. Wafika osandilonjera, wayamba ndi kukuwa." Anakhala pakhonde, nayamba kumasula mfundo ya chitenje cha m'chiuno. Mfundo inali yolimba. Potsiriza munatuluka tochi yachitsulo, yakuda.

"Sikomo kwejinji, mwanangu. Ndinalumbira kuti ndidzakuthokoza ndisanafe."

A Zubairu anayang'ana tochiyo.

"Anthu ankandiseka," anapitiriza gogoyo. "Ankati mwana wako wa ku Joni anakuiwala, zaka zonsezi ngakhale sopo. Nanenso ndinayamba kukutukwana mumtima. Ndiye Abdulaziz anabwera nayo. Anati, 'Amayi, Zubairu wamva kuti munaponda njoka popita kuchimbudzi. Wagula iyi, akuti ndi yanu, wina asaigwire.' Ndinayenda nayo mudzi wonse masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuonetsa anthu."

Anadina. Ngakhale kunali kowala, pakhoma panaoneka bwalo loyera.

Fauziya anatembenukira kuchinsalu. Chinali chitapatuka pang'ono, ndipo dzanja la a Zaina linachibweza msanga.

A Zubairu anakhala pansi, padothi, ndi buluku lawo la ku Joni. Amayi otsuka mbale aja anayambiranso kugunditsa mbale, mwamphamvu, ngati sanamve kalikonse.

"Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti," anatero abiti Sidik, akupukuta galasi la tochi ndi nsonga ya chitenje, "Abdulaziz ankabwera kudzaitenga, akaitchaje pa Ntaja. Pobweza ankagwada ngati momwe unagwadira iwemu, n'kunena kuti, 'Zubairu waimba foni, akupereka moni.' Sanaphonyepo."

Anaika tochiyo pamiyendo, natambasula manja onse awiri.

"Lero wabwera wekha. Ndipatse moniwo ndi pakamwa pako."