Nkhope ya Maclean pa Mkuwa

Amuna anga, a Rodwell, sanalire mng'ono wawo Maclean atamwalira ku Zomba. Malire anali otseka chifukwa cha Covid, ndiye maliro tinaonera pa foni tili kuno ku Perth. Itakwana nthawi yoona nkhope, netiweki inadula. Pomwe inkabwerera n'kuti bokosi atatseka kale.

A Rodwell anangoika foni pansi, m'mawa mwake n'kupita kuntchito ku Kwinana. Miyezi inadutsa, msozi ngakhale umodzi ayi. Zinkandiopsa, komanso kunena zoona zinkandipsetsa mtima.

Kenako anayamba kusowa Loweruka lililonse. Nditawapanikiza ananditengera ku Fremantle kwa mayi wina dzina lake Kate, wogulitsa zithunzi zakalekale za azungu ovala mawigi. Zithunzizo ankazisindikiza kuchokera pa mkuwa, luso lotchedwa mezotinti, ndipo Kate ankaliphunzitsa. A Rodwell, munthu woti ngakhale nkhuku sangajambule, ndiye anali mwana wasukulu wake!

Kate anandifotokozera kuti umayamba wakanda mkuwa wonse ndi kachitsulo ka mano, moti ukapaka inki pepala limatuluka lakuda bii. Kenako umapala malo amene ukufuna awale.

"Ndiye masabata onsewa mwakhala mukupanga mdima?" ndinawafunsa amuna anga.

"Mdima ndinamaliza, Lusubilo. Panopa ndikupala."

Chimene ankapala sanandiuze. Tsiku losindikiza anandipempha kuti ndivale chitenje ndi duku. Ndinang'ung'udza njira yonse m'sitima, koma ndinavala.

Kate anapukusa makina osindikizira, n'kusiya pepala lili chovundikira pa mkuwa. A Rodwell anavula chipewa.

"Amayi," anatero kwa ine motsitsa mawu, "tiyeni tione nkhope."

Anatukula pepalalo. Mphuno inali yopindika, khutu limodzi lalikulu kuposa linzake. Koma kumwetulira kwa mbali imodzi kuja, ameneyo anali mlamu wanga weniweni. Ndinadutsa pang'onopang'ono manja kumbuyo, monga timachitira pamaliro kwathu, mtima ukundiwawa.

A Rodwell anafika pamenepo pambuyo panga n'kuima osasuntha. Anagwira tebulo ndi manja awo odzaza inki.

"Maclean iwe," anatero, "ndabwera. Ndachedwa, koma ndabwera."

Analira mofuula, mpaka odutsa panja anayamba kusuzumira. Kate anapita kukatseka chitseko cha shopu, ine ndinakhala pansi pambali pawo, nanenso n'kuyamba kulira.