Mkono wa Diresi ndi Chingwe Chobiriwira

Mwamuna wanga amawedza nsomba zomwe sitidya. Akuti dzina lake ndi basi, chinsomba chakukamwa ngati ndowa, ndipo akachigwira ku damu amachijambula, kuchipsompsona pamutu, n'kuchibwezera m'madzi. Akatero amabwera kunyumba ndi milomo yomweyo kudzafunsa madzi akumwa m'kapu yanga. Ndinazolowera, koma nseru yake sinathe.

Ine ndine telala. Chipinda chakumapeto ndi changa, muli makina, tebulo lodulira ndi chidole chovekera madiresi. Sabata imene ndikunenayi pachidolepo panali diresi laukwati la mng'ono wanga, litatsala manja okha. Mwanayu anapsa ndi mafuta ali wamng'ono, ndipo chipsera chinayambira pachigongono mpaka kudzanja. Moyo wake wonse wakhala akuvala zamanja aatali, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pobweretsa nsalu anandipempha chinthu chimodzi chokha.

"Asisi, kwina konseku sokani mmene mukufunira. Koma manja afike apa," anatero akuloza pamene pamakhala wotchi.

Nsaluyo inali yotsiriza m'sitolo, moti ndinadula mtima uli m'mwamba. Manja onse awiri ndinawayala patebulo, akudikira kulumikizidwa.

Ndiye mwamuna wanga anabwera ndi kabokosi, nkhope ili ngwee ngati wakwezedwa pantchito.

"Mayi a mwana, nayiloni ndasiyana naye," anatero. "Ichi ndi chingwe chowedzera choluka. Taonani kuwonda kwake, ngati ulusi wanu womwewu. Nayiloni amatamuka, nsomba ikaluma sumva. Ichi ikangonunkhiza, uthenga wafika m'manja. Ndipo sichiduka, basi ikabisala m'maudzu ndiitulutsa ndi maudzu omwewo."

Anachiika pakamwa kuti ndione. Dzino lake lakutsogolo lili ndi kampata kamene anakakumba ndi kuluma nayiloni zaka zonsezi. Analuma, nalumanso, malovu akutsika ndi chingwe, koma sichinaduke. Iye anasangalala koopsa. Nayiloni wakale anamusolola n'kumusiya mu sinki pamwamba pa mbale, chimulu choterera chonunkha matope ndi mamba. Ndinamuchotsa ndi foloko, folokoyo n'kuitaya.

M'mawa mwake ndinapita kukagula zipi. Pobwera ndinamva phokoso la kachigudumu kokulungira chingwe likuchokera m'chipinda changa. Ndinamupeza atakhala pampando wa makina, ndodo yowedzera ili pakati pa miyendo, chingwe chatsopano chili m'beseni lamadzi pansi. Dzanja limodzi likupukusa, lina lafinya chingwe ndi kansalu konyowa.

"Muno mukuwala bwino," anatero osatembenuka. "Chingwe ichi chimafuna kukulunga chili chokungika. Ukachigwira ndi zala chimacheka, ndiye ndangotola kasanza patebulopa."

Patebulo panatsala mkono umodzi.

Ndinamutambasula zala ndekha. Nsalu ija inali itakwinyika, ili ndi mizere yobiriwira ya utoto wa chingwe, ndipo m'malo awiri chingwecho chinali chitadya mpaka kuboola. Inkanunkha manja ake, chifukwa asanayambe anali atasanthula m'chikwama cha nyambo.

"Bambo a mwana, ichi mukuchiona ngati chiyani?"

"Si chotsala chodula?"

"Ndi mkono wa diresi la mlamu wanu."

Anayang'ana nsalu, nayang'ana chidole, kenako maso anabwerera pa kachigudumu kake, chifukwa chingwe chinali chitayamba kukhwefuka.

"Pepani. Koma inu ndi akatswiri, muchapa zitheka. Tandipatsani kansalu kena ndimalizitse, ndikasiyira pakati chipotana."

Sindinakalipe. Chimene chinatsala ndi kunyansidwa kokhakokha. Ndinayang'ana khosi lake lopsa ndi dzuwa, zikhadabo zakuda, kadzino kampata kaja, ndipo ndinadzifunsa kuti ndinkaona chiyani ine.

Ndinachapa ndi sopo, utoto unangofalikira. Ngakhale ukanachoka, mabowo sachapika. Ndinazungulira masitolo onse ansalu, mkono wotsala uli m'manja, ndipo aliyense ankapukusa mutu. Zoyera zinalipo, koma ukaziyandikiza zinkaoneka ngati chigamba.

Madzulo mng'ono wanga anabwera kudzayesa. Sindinamubisire. Anatenga nsalu yowonongekayo, kuitembenuza, n'kuibwezera patebulo mwaulemu ngati ndi ya mwini wake.

"Musadandaule, asisi. Madzi akatayika saoleka. Dulani manja aafupi, anthu andione mmene ndilili."

Ankalankhula akumwetulira, koma dzanja lake linali likukokera mkono wa bulauzi pansi, monga amachitira akakumana ndi anthu achilendo. Kuchipinda chochezera mlamu wake ankayeserera kuponya mbedza pa kapeti.

Atapita ndinakwera pampando n'kutsitsa sutikesi ya pamwamba pa wadiropu. Munali diresi langa laukwati, lokulungidwa m'chinsalu chakale. Manja ake ndi aleisi, aatali mpaka kudzanja, ndipo leisi amagwirizana ndi nsalu iliyonse yoyera. Ndinkalisungira mwana wathu wamkazi. Ndinaliyala patebulo, ndinatenga sizasi, n'kudikira kuti mtima undiletse. Sunandiletse. Ndinasomola manja onse awiri ngati ndikusomola thumba la thalauza la kasitomala, ndipo chimene chinandiwawa n'chakuti sizinandiwawe.

Pa tsiku laukwati mng'ono wanga analowa manja ataphimbika mpaka pamene analoza paja. Iye anawazindikira pomwe ndinkamuveka, anandikumbatira. Amayi nawo anawazindikira, anandiyang'ana nthawi yaitali.

Mwamuna wanga anakhala pambali panga, chala chili ndi pulasitala, chifukwa chingwe chija chinamucheka ndithu. Mkwati akudutsa pafupi nafe, iye anasuzumira n'kuyang'anitsitsa manja aja. Manja omwewo anawagwira tsiku lina pondiveka mphete, nandiuza kuti sadzawaiwala. Ndinadikira.

Anandigunda ndi chigongono.

"Mwaona? Ndinakuuzani kuti zitheka," ananong'ona. "Ndipo awawa ndi okongola kuposa oyamba aja. Munawagula kuti?"

Ndinasendeza mpando wanga pang'ono, chifukwa jekete lake linkamveka nsomba.