Kasipika ka Lenard

Tamverani kuno anthu a ku Likhubula, nkhaniyi ndi ya Lenard wathu, uja ankanyamulira alendo katundu m'phiri, amene tamuika m'manda posachedwapa.

Madzi osefukira atatenga mkazi wake, Lenard anasiya kuyankhula. Ankangokhala pakhonde, chakudya chikuzizira pambali. Mayi ake, a Anesi, anayesa mapemphero, anayesa kuchipatala, koma mwana ali duu. Tsiku lina Lenard anatulutsa n'kuyatsa kasipika kamene mlendo wina anamusiyira, ka nyimbo zija amati hevi meto.

A Anesi anathamangira panja, kuyesa chigayo chameza mwala. Magitala kulira, ng'oma ngati matalala pamalata, munthu akukuwa ngati akumupha.

"Iwe Lenard, mnzakoyu bwanji osapita naye kuchipatala?"

"Amayi, ameneyu akukuwa m'malo mwanga. Ine mawu anandithera."

Lenard anagwedeza mutu motsatira nyimboyo mpaka thukuta kamukamu, kenako anasamba n'kupempha chakudya. Posakhalitsa anabwereranso kuntchito. Kuyambira pamenepo a Anesi ndiwo ankapita kugolosale kukatchajitsa kasipikako, akudandaula njira yonse.

Chibayo n'chimene chinadzamutenga Lenard. Pamaliro a Anesi sanalire, misozi inakana, anthu mpaka kumanong'onezana. Tsiku logawa katundu, malume ake a Lenard, a Moffat, anakankha kasipikako ndi ndodo.

"Ichi chitenthedwe. Nyimbo zake n'zamdima."

A Anesi anavula chitenje kumutu.

"Achimwene, mdimawo unali m'mutu mwa mwana wanga, izi zinkautulutsa. Pamene ankauma pakhondepa inu simunamve phokoso, eti?"

"Achemwali, anthu akumpingo ationa bwanji?"

"Ationa ndi maso awo omwewo. Sungani, tayatsa."

Sungani, mnzake wa Lenard wakuphiri, anadina. Nkhuku zinabalalika, a Moffat anatseka makutu. Munthu uja atayamba kukuwa, nawonso a Anesi anatsegula pakamwa n'kulira mwana wawo, kulira kwenikweni, mpaka azimayi kuwagwira. A Moffat anayang'ana mlongo wawo, anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Sungani, kapereke kwa mayi akowo. Koma Lamulungu azichepetsako."

Tsono mukamadutsa kumtunda kuja n'kumva chiphokoso m'nyumba ya a Anesi, musati agogo apenga ayi. Imani pang'ono, mupereke moni, mutchule dzina la Lenard. Chonde musamuiwale mwana ameneyu.