Sitika ya pa Samusa

Uthenga unagwa pa WhatsApp ya amayi a tchalitchi Lachiwiri, Marjorie ali pa basi kuchokera kuchipatala komwe amagwira unamwino. Unkati ku America ena akufuna lamulo loti chakudya chokhala ndi katemera wa mRNA chizilembedwa. Basi isanafike ku Wigston nkhani inali itamera kale nyanga, ati nkhuku zonse za mumzinda wawo wa Leicester nzobayidwa katemerayo.

Mai Sylvia, wapampando wa gululo, sachedwa kupanga lamulo pamene boma lili chete. Anagamula kuti pa phwando la Loweruka ku Beaumont Leys mbale iliyonse imatidwe sitika yoti "Mulibe katemera". Wokana abweze nsalu ya gulu.

Marjorie zinamuwawa, ndipo anachita mantha. Amayi amenewa ndi amene anamukhalira pasiwa sabata yathunthu mwamuna wake atamwalira, ndipo kuno kunja kwa Malawi analibe mbale wina. Komatu pa sitika zake anali asananamepo. Pa samusa zake amalemba tirigu ndi dzira, chifukwa anaonapo munthu akubanika atadya chomwe thupi lake limakana.

Anapita ku Highfields kwa Nazir, wabutchala yemwe amamugula nkhuku. Nazir anati famu akuidziwa, kaphedwe akukadziwa, koma pamene anapiye ankalandira mankhwala iye kunalibe.

Loweruka Mai Sylvia anaima pakhomo la holo ngati wapolisi wa pa rodibuloko, magalasi ali pamphuno. Anawerenga sitika ya Marjorie mokweza: nkhuku, anyezi, tirigu, dzira, tsabola. Kenako anafunsa komwe kunali mawu enawo.

"Sindilemba chimene sindikuchidziwa, amayi," anatero Marjorie. "Munthu akangogwira bodza limodzi pa sitika yanga, za dzirazi azikhulupirira bwanji?"

Mai Sylvia anati Marjorie akulankhula chonchi chifukwa cha ntchito yake ya majakisoni. Apa mpamene Marjorie analeka ulemu wa mantha.

"Kwathu ku Dowa, chitopa chikayandikira, ndani ankayenda khomo ndi khomo ndi kabotolo ka katemera kudonthezera nkhuku m'maso? Si inu? Nkhuku zimenezo tinadya pa ukwati wanu, mpaka kunyambita zala."

Wina anaseka kumbuyo n'kudzigwira pakamwa. Mai Sylvia anangoti lamulo ndi lamulo, natambasula dzanja kuti alandire nsalu. Amayi khumi ndi awiri, onse odziwa bwino kuti sitika zawo analemba mongopeka, anayamba kukonza masipuni omwe anali okonzedwa kale.

Marjorie anamasula nsalu m'chiuno, naipinda bwinobwino monga amapindira bulangete la wodwala. Anaipereka ndi manja awiri. Samusa sanatenge, anazikhazika pakati penipeni pa tebulo.

"Idyani, ndinaphikira inu," anatero. "Zimene zilimo zalembedwa."

Anatuluka yekha kukadikira basi, mphepo ikumuwomba m'miyendo momwe munali nsalu.